Kalasi ikasamukira pa foni: kukonzekera maphunziro a pa intaneti ku Lusaka popanda kudwala nkhawa

Pa 20 Marichi 2020 boma linatseka masukulu, makoleji ndi mayunivesite onse m'dziko muno chifukwa cha COVID-19. Ophunzira ambiri anakumana ndi Moodle (tsamba la sukulu loikapo manotsi, asayimenti ndi makwizi), Zoom ndi Google Meet koyamba ali kunyumba, popanda wowaonetsa podina. Mliriwo unadutsa, koma kachitidweko kanatsala. Masiku ano, kaya muli ku UNZA, ku UNILUS, ku Cavendish, ku Levy Mwanawasa kapena ku Zambian Open University, manotsi, asayimenti ndi makwizi ambiri amadzera pa intaneti, ndipo kalasi ikhoza kusamukira pa foni tsiku lililonse. Kolera wa mu Januwale 2024, amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka pa 12 Febuluwale, anaonetsa kuti sipafunika mliri wa dziko lonse lapansi kuti zitseko zitsekedwe.

Nkhawa ya wophunzira wa pa intaneti ili pawiri, ndipo ambiri amaisakaniza. Ina imachokera ku zinthu zogwirika ndi zowerengeka: malaiti, deta, batire, pasiwedi, fayilo yokana kupita. Ina imakhala m'thupi ndi m'mutu: kusowa tulo, kusungulumwa, mantha olephera pamene abale anachita kusonkherana fizi. Kupuma mozama sikungathandize munthu amene foni yake ili pa 4% kwizi itayamba kale, ndipo laputopu yatsopano singachize munthu amene watha masabata awiri osagona. Yambani ndi yoyambayo. Imatheka msanga, ndipo ikachepa mumaona bwino kukula kwenikweni kwa inayo.

Yesani zonse tsiku lisanafike

Patulani masana amodzi m'sabata yoyamba ya temu. Lowani mu Moodle, kapena pulogalamu ina imene sukulu yanu imagwiritsa ntchito, muone ngati makosi onse amene munalembetsa akuoneka. Kosi ikasowa, kawirikawiri vuto silikhala la foni yanu. Mwina kulembetsa sikunathe, mwina fizi imene munalipira sinaonekebe m'kaundula, mwinanso lekichara sanakuikeni m'gulu kapena pali kiyi yolowera imene simunapatsidwe. Zonsezi amakonza ndi anthu a mu ofesi, ndipo Lamlungu usiku, asayimenti ikufunika Lolemba, mu ofesi simukhala munthu.

Onaninso imelo yolembedwa pa akaunti yanu. Mukaiwala pasiwedi, linki yosinthira imapita kumeneko. Ophunzira ambiri a chaka choyamba analembetsedwa ndi imelo imene anawatsegulira munthu wa pa kafe ya intaneti kapena msuweni wawo, ndipo pasiwedi yake saidziwa. Sinthani lero, muike imelo imene imatseguka pa foni yanu.

Kenako yesani ndi manja. Jambulani tsamba limodzi lolemba pamanja, mulisandutse PDF, mulikweze mu "Private files" ya Moodle. Pitani pa zoom.us/test mumve ngati mawu anu akumveka. Netiweki muiyese pamalo enieni amene muzikhala, pa ola lenileni la kalasi, chifukwa imene imathamanga 06:00 ikhoza kukwawa 20:00 pamene komboni yonse ili pa TikTok. M'nyumba za mabuloko zofolera malata, kusuntha mpando kuuika pafupi ndi windo kumasintha zinthu kuposa kusintha foni. Ndipo khalani ndi ma SIM awiri a makampani osiyana, mwachitsanzo MTN ndi Airtel, kapena imodzi mwa izi ndi Zamtel, yachiwiriyo ikhale ndi kabandulo kakang'ono kosakhudzidwa.

Masamu a deta

Apa ndi pamene ndalama za ophunzira ambiri zimathera, ndipo chimawapweteka kwambiri n'chakuti sadziwa kumene bandulo yapita. Gwirani nambala imodzi: liwiro la 1 Mbps likayenda ola lathunthu limadya 450 MB. Kalasi ya Zoom imene anthu ambiri atsegula makamera imafuna pafupifupi 1 Mbps kapena kuposa, ndiye kuti pa ola mukhoza kutaya kuyambira 500 MB mpaka kupitirira 1 GB. Mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps, zimene ndi 30 kapena 40 MB pa ola. Mawu ndi masilaidi amene lekichara akuonetsa kawirikawiri safika 100 MB pa ola.

Tiyerekeze kuti muli ndi makosi anayi, kosi iliyonse maola atatu pa sabata. Amenewo ndi maola 12. Ndi makamera otsegula mukufuna pafupifupi 7 GB pa sabata. Ndi mawu ndi masilaidi okha, 1 GB yokha ikhoza kukufikitsani Lachisanu. Phunziro ndi lomwelo, ndipo nkhope za anzanu ali pa bedi sizibwera pa mayeso.

Choncho zimitsani kamera yanu pokhapokha lekichara atakupemphani kuti muitsegule. Zimitsani "HD". Mu Zoom muli "Stop Incoming Video" yoletsa mavidiyo a ena kubwera kwa inu, ndipo mu Google Meet ya pa foni muli "Limit data usage". Pa YouTube, 360p ndi yokwanira kumvera phunziro. Kwezani pokhapo pamene akulemba masamu ang'onoang'ono pa bolodi, chifukwa 720p imadya kuwirikiza katatu kapena kuposa.

Wakuba wamkulu ndi laputopu yolumikizidwa ku hotspot ya foni. Windows imaona ngati yapeza Wi-Fi yaulere, n'kuyamba kukoka zosintha zake mwakachetechete, nthawi zina magigabaiti angapo. Mukangolumikiza koyamba, lowani mu "Settings", "Network & internet", musankhe dzina la hotspot yanu, muyatse "Metered connection". Pa foni, letsani WhatsApp kutsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo mu "Storage and data", letsani Play Store kusintha mapulogalamu pa deta, ndipo onani ngati Google Photos sikukweza zithunzi zanu kumbali.

Pogula bandulo werengani kuti ndi ya chiyani. Ya WhatsApp ndi Facebook yokha sitsegula Moodle kapena Zoom. Ya usiku ndi yabwino kutsitsira mavidiyo a makalasi, koma ichititseni ntchito inu muli m'tulo: yambitsani dawunilodi, ikani foni pansi, gonani. Dziwaninso zimene zimachitika bandulo ikatha, poti nthawi zina foni imayamba kudya tokotaimu pa mtengo wokwera. Ngati sukulu yanu ili ndi Wi-Fi ya ophunzira, kapena eduroam, Wi-Fi yogawana mayunivesite imene imadzera ku bungwe la ZAMREN, pitani pa kampasi kamodzi pa sabata ndi mndandanda wa zoti mutsitse.

Chilichonse chimene lekichara waika, chitsitseni tsiku lomwelo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola kutsitsa zigawo za kosi kuti muziwerenga popanda netiweki, ndipo fayilo ikakhala m'foni mwanu, seva ya sukulu ikagwa usiku woti mawa ndi mayeso inu mumangopitiriza kuwerenga.

Malaiti

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, kuzima kwa magetsi kunayamba ndi maola 8 pa tsiku mu Marichi, ndipo pofika chakumapeto kwa chaka madera ambiri ankakhala mumdima maola 20 kapena kuposa. Kaya panopa zinthu zili bwanji kwanuko, konzekerani ngati kuti malaiti apita pa ola la kalasi.

Nambala yolembedwa pa pawabanki si imene imafika m'foni. Mphamvu ina imatayika posintha mavoti ndi potentha, moti mumalandira pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Pawabanki ya 10,000 mAh imadzaza foni ya batire la 5,000 mAh kamodzi n'kutsalako pang'ono; ya 20,000 mAh imadzaza kawiri ndi theka. Pogula m'tauni, inyamuleni m'manja. Ya 20,000 mAh yeniyeni imalemera magalamu 350 kapena kuposa, ndiye mukaona kanthu kopepuka kolembedwa 50,000 mAh, bwezani. Pawabanki wamba sitchaja laputopu. Pamafunika yokhala ndi USB-C PD ya 45 W kapena 65 W, komanso laputopu yovomera kutchajidwa motero. Amene ali ndi rauta kunyumba akhoza kugula kabatire ka 12 V kopangidwira marauta, chifukwa rauta imadya mphamvu yochepa, pafupifupi 10 W.

Ngati mukugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, batire ndilo limabisa chilema. Pemphani wogulitsa atsegule "Command Prompt", alembe powercfg /batteryreport, muyerekeze "Design capacity" ndi "Full charge capacity". Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, laputopuyo idzazima pakati pa kalasi. Fufuzani yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi SSD. Zina zonse ndi zokongoletsa.

Chepetsani kuwala kwa sikirini, pakuti ndiyo imadya batire kwambiri. Mu Okutobala musaike laputopu pa matiresi, mumatseka timabowo totulutsira mpweya ndipo imazima yokha ikatentha. Malaiti akapita zulani zonse pakhoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo musanalumikize, chifukwa amabwera ndi mphamvu yosakhazikika imene imapsereza matchaja. Dziwaninso kuti malaiti akakhalitsa, mabatire a pa nsanja za netiweki nawonso amatha, ndipo apa mpamene SIM yachiwiri ija imagwira ntchito.

Khalani ndi malo awiri othawirako amene mwawaona kale ndi maso: laibulale ya sukulu, nyumba ya mnzanu wa dera lina limene magetsi amazima pa nthawi yosiyana, kapena kwa wachibale amene ali ndi sola. Wa ku Kalingalinga adziwane ndi wa ku Kaunda Square, wa ku Chilenje ndi wa ku Kabwata. Sungani ndalama ya basi yopita ndi yobwerera pamalo pamene simuikhudza ngakhale vitumbuwa zitanunkhira bwanji.

Pamene mamaki amatayikira

Mu Moodle, kukweza fayilo n'kudina "Save changes" si kutumiza nthawi zonse. Lekichara akakonza kuti pakhale batani lotsimikizira, ntchito yanu imakhala pa "Draft (not submitted)" mpaka mutadina "Submit assignment". Musachoke pa tsambalo musanaone mawu akuti "Submitted for grading". Mukawaona, jambulani sikirini, tsiku ndi nthawi zioneke. Kenako tsegulani fayilo imene mwakwezayo muone ngati ilidi yoyenera, poti kutumiza fayilo ya kosi ina kapena yosamalizidwa kumachitika kwa anthu otopa.

Fayilo imakananso chifukwa cha kukula. Chithunzi chimodzi cha foni chikhoza kukhala 3 mpaka 5 MB, ndiye masamba khumi afika 40 MB, pamene lekichara mwina anaika malire ochepa. Gwiritsani ntchito sikana ya mu Google Drive, Adobe Scan kapena CamScanner, musankhe zakuda ndi zoyera, masamba onse alowe mu PDF imodzi. Lembani ndi bolopeni yakuda, jambulani masana pafupi ndi windo. Dzina la fayilo likhale ndi nambala yanu ya kompyuta ndi khodi ya kosi, osati "IMG" ndi manambala ambirimbiri.

Malire akakhala 23:59, anu akhale 18:00. Ola lomaliza kalasi yonse imathamangira pa seva imodzi, netiweki ya madzulo imakhala yodzaza, ndipo chikalakwika palibe woti mumuimbire. Ngati lekichara amalola kusintha fayilo, kwezani zimene muli nazo kutatsala tsiku limodzi, mudzasinthe mukamaliza. Chilichonse chimene mukulemba chikhale ndi kope yachiwiri mu Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere, kapena dzitumizireni pa imelo madzulo aliwonse. Foni zimabedwa m'basi, laputopu zimafa, ndipo lekichara aliyense anamva kale nkhani zimenezo.

Kwizi ili ndi misampha yakeyake. Wotchi imayendera pa seva, osati pa foni yanu, choncho netiweki ikaduka nthawi ikupitabe. Musataye mphindi kukwiya: sinthani SIM, lowaninso, pitirizani, chifukwa Moodle imasunga mayankho nthawi ndi nthawi. Nthawi yotsekera imaposa nthawi ya kwizi. Kwizi ya mphindi 60 imene ikutseka 15:00, mukaiyamba 14:30 muli ndi mphindi 30 zokha. Makwizi ena salola kubwerera ku funso la m'mbuyo, ndiye werengani malangizo musanadumphe funso. Pomaliza pali mabatani awiri, "Finish attempt" kenako "Submit all and finish". Ngati mukudalira hotspot, uzani a kunyumba asakuimbireni, pakuti pa mafoni ambiri kuyankha foni kumagwetsa netiweki kuchoka pa 4G.

Zikavutabe, lemberani lekichara nthawi yomweyo, osati mawa. Uthengawo ukhale waufupi ndi waulemu: dzina, nambala ya kompyuta, kosi, nthawi imene vuto linachitika, chithunzi cha sikirini, fayilo yomalizidwa ngati ndi asayimenti, ndi chimene mukupempha. Uzaninso kalasi repu, chifukwa ngati vutolo lagwera anthu makumi awiri, liwu lake limamveka msanga kuposa lanu nokha. Ndipo musalole mantha akukankhireni kukopera. Moodle imasunga mbiri ya amene analowa, nthawi yake ndi kumene analowera, Turnitin imayerekeza ntchito yanu ndi za anzanu, ndipo mlandu wa kubera ndi wolemera kuposa maki otsika a kwizi imodzi.

Nthawi, nyumba ndi anthu

Kalasi ya maso ndi maso imakukakamizani kudzuka, kusamba ndi kukwera basi. Ya pa intaneti sikakamiza munthu, makamaka ikakhala yojambulidwa. Mawu akuti "ndidzaonera rekodingi" ndiwo amapha ambiri. Mukaphonya maola 12 a sabata imodzi, sabata yotsatira muli ndi maola 24, ndipo mulu ukakula mtima umayamba kuopa ngakhale kutsegula Moodle. Ikani lamulo loti rekodingi isapitirire masiku awiri musanaionere. Ngati mulu ulipo kale, musayambire pansi. Lowani kalasi ya lero kuti mulu usakule, kenako chotsani yakale imodzi patsiku, kuyambira kosi imene ili ndi mayeso pafupi. Kuonera pa liwiro la 1.25 kapena 1.5 kumathandiza pa makosi ofotokoza, koma pa masamu ndi akaunti kumangokupusitsani kuti mwamva.

Lembani masiku onse a asayimenti ndi makwizi pa pepala limodzi lalikulu, mulimate pakhoma. Pepala silifuna batire, ndipo mutu ukaona zonse pamalo amodzi umasiya kuzizungulira usiku. Powerenga, gwirani mphindi 25, pumani 5, ndipo mukatero kanayi pumani nthawi yotalikirapo. Lembani manotsi pamanja pamene lekichara akulankhula. Dzanja likakhala ndi bolopeni silipita ku Facebook.

Amene akuphunzirira kunyumba amakumana ndi vuto lina. Kwa makolo, mwana amene wakhala pakhonde ndi foni ali ndi mpata womutuma. Kukwiya sikuthandiza, ndipo kuzemba ntchito za pakhomo kumangobweretsa mawu. Khalani nawo pansi temu isanatenthe, muwaonetse ndandanda, munene zomveka: "Amayi, Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 09:00 mpaka 11:00 ndimakhala m'kalasi ngakhale mukundiona pano. Madzi ndizitunga m'mamawa, kumsika ndizipita masana." Ngati mukusungidwa ndi amalume kapena azakhali, nenani kawiri, mofatsa, ndipo ntchito imene mwalonjeza muichite pa nthawi yake. Tsiku lina apatseni foni amve lekichara akuphunzitsa. Akamva okha amayamba kuletsa ana phokoso.

M'ma boarding house a ku Kalundu, Ng'ombe kapena Marshlands, kumene chipinda chimodzi chimagona anthu anayi kapena kuposa, gwirizanani za maola opanda nyimbo, za amene atchaje poyamba malaiti akabwera, ndi za alendo. Mahedifoni a waya ndi abwino kuposa opanda waya, chifukwa safuna kutchaja.

Gulu la WhatsApp la kalasi ndi lofunika, komanso ndi gwero lalikulu la mantha. Wina akangolemba kuti wamva zoti mayeso asunthidwa, anthu mazana awiri sagona. Litsekeni pakamwa, muzilitsegula katatu patsiku pa nthawi zoikika, ndipo nkhani ya masiku ndi mayeso muikhulupirire ikachokera kwa lekichara, kwa kalasi repu kapena pa Moodle. Pambali pa gulu lalikululo, pangani kagulu ka anthu atatu kapena anayi amene mumakumana nawo maso ndi maso kamodzi pa sabata. Aliyense afotokozere anzake mutu umodzi. Mumagawana ntchito yotsitsa mafayilo, mumazindikira msanga zimene simunamve, ndipo pamakhala munthu amene angaone kuti mwasowa.

Zimene thupi limanena

Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, minofu imakungika, m'mimba mumasokonezeka. Kwa ola limodzi la mayeso zimenezi zimathandiza. Zikakhala masabata, zimayamba kuoneka ngati mutu wosatha, khosi louma, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, ndi kuwerenga tsamba limodzi katatu osagwira kanthu. Ambiri amathamangira Panadol kapena kuganiza malungo. Kayezetseni ngati thupi latentha, koma zotsatira zikakhala bwino, yang'anani mmene mukugonera ndi mmene mukudyera.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo, ndipo ubongo umakhazikitsa zimene mwawerenga pamene muli m'tulo. Kuchezera usiku wonse kumakupatsani maola owerenga n'kukulandani zimene mwawerengazo. Vuto la kuno n'lakuti nthawi zina malaiti amabwera pakati pa usiku. Zikatero lumikizani zotchaja, bwererani pa bedi. Ngati palibiretu njira ina koma kugwira ntchito usiku, sankhani nthawi imodzi yokhazikika, mugone msanga madzulo, ndipo masana mugoneko mphindi 20 kapena 30 zokha.

Kafeini wa mu khofi ndi m'zakumwa zopatsa mphamvu amatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Chitini chimene mwamwa 20:00 chikadali m'magazi 01:00, ndipo kuthamanga kwa mtima kumene chimabweretsa n'kofanana ndi kwa mantha. Lekezani masana. Idyani musanalowe m'kalasi, ngakhale phala kapena mbatata, ndipo ndalama ya ndiwo isamasanduke bandulo. Nsima ya kapenta, nyemba kapena soya ndi chibwabwa imagwira mutu kuposa mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Maso nawonso apumitseni: mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Foni muiimike pa mulu wa mabuku kuti khosi lisawerame.

Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi, zimene ndi kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu. Sipafunika jimu. Kuzungulira Goma Lakes ku UNZA, kutsika basi sitopu imodzi musanafike, kapena mpira wa madzulo pa bwalo la m'komboni n'zokwanira.

Mantha akakugwirani kwizi ili pafupi kuyamba, ikani mapazi onse pansi, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi. Kutulutsa mpweya motalikitsa ndiko kumachepetsa liwiro la mtima. Kenako yambani ndi funso limene mukulidziwa, ngati kwiziyo ikulola kusankha.

Pali njira zitatu zimene zimaoneka ngati mpumulo koma zimawonjezera katundu. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Kubetcha kuli pa foni yomweyo imene mukuphunzirirapo, ndipo kumakoka kwambiri munthu amene akusowa ya bandulo. Chotsani mapulogalamu ake, ndipo ndalama ya fizi isagone mu mobile money yanu. Kaloba yogulira foni kapena deta imasandutsa vuto la sabata imodzi kukhala la temu yonse. Ngati ndalama yavuta, chilimba cha anzanu odalirika kapena kukambirana ndi ofesi ya zachuma za kulipira pang'onopang'ono n'kwabwino kuposa wobwereketsa amene wagwira laputopu yanu ngati chikole.

Pofunika thandizo la ena

Nkhawa ya mayeso imatsika mayeso akatha. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mukukhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, zimene munkakonda sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, mwasiya kulowa m'makalasi ndipo mukubisala kwa anzanu, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Pemphero ndi abusa zimalimbitsa ambiri, ndipo sizitsutsana ndi kukaonana ndi mlangizi kapena dokotala.

Yambirani pafupi. Mayunivesite ambiri ali ndi alangizi pansi pa ofesi ya Dean of Students, komanso kiliniki ya ophunzira. Kunja kwa kampasi mukhoza kuyambira pa kiliniki ya m'dera lanu kapena pa zipatala za Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata, ndipo akaona kuti n'kofunika amakutumizani ku UTH kapena ku Chainama Hills. Pa foni, Lifeline imayankha pa 933 kwaulere, ndipo 116 ndi ya ana ndi achinyamata. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha akabwera, musadikire masabata awiriwo: uzani munthu lero lomwe, imbani 933, kapena pitani kuchipatala chapafupi.

Ngati ndi mnzanu amene wasintha, musamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna kapena kuti ena ali pa mavuto oposa ake. Mufunseni mwachindunji, muli awiri: "Iwe, sabata yonse sunaoneke m'kalasi ndipo foni sukuyankha. Chikuchitika n'chiyani?" Mvetserani osamudula. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zina zoopsa m'chipinda, ndipo mupite naye kwa mlangizi kapena kuchipatala inu nomwe.

Mbali ya sukulu nayo musaisiye. Ngati matenda, maliro kapena vuto la maganizo lakulepheretsani kuwerenga, pitani kwa mkulu wa dipatimenti kapena Assistant Dean mayeso asanachitike, mufunse za kulemba mayeso nthawi ina kapena kuimitsa maphunziro mwa chilolezo. Tengani kalata ya kuchipatala kapena ya mlangizi, lembani pempho lanu papepala, ndipo musunge kope yodindidwa. Amene ali pa ngongole ya HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro, afunsenso mmene kuimitsako kungakhudzire ngongoleyo asanasaine chilichonse. Kungosowa osanena kumalembedwa ngati kulephera, ndipo kukonza zimenezo zotsatira zitatuluka kale n'kovuta kwambiri kuposa kupempha kutatsala sabata imodzi.